Wodwala Khansa ndi Nkhawa Zake: Chifukwa Chake Tifunika Alangizi Ophunzitsidwa

Mu mphakati wina ku Chinsapo mudali mayi ena a ana anayi, ogulitsa makala. Mayiwo adayamba kutaya magazi nthawi yosayenera, ndipo kwa miyezi yambiri adabisa. Atapita kuchipatala adawayeza, nadula kanyama kuti akapime. Patapita masabata angapo adawaitana. Amene adawapatsa zotsatira adali ndi mzere wautali wa odwala panja. Adati, "Mayi, ndi khansa, ndipo yafalikira. Mudachedwa kubwera." Adawalembera tsiku lodzabweranso, naitana wotsatira.

Mayiwo sadakwere minibasi tsiku limenelo. Adayenda pansi mpaka kwawo, ndipo kwa masabata atatu sadauze munthu aliyense.

Ife a mu mphakati tidamva mochedwa. Tidapita monga timachitira nthawi zonse: ufa pang'ono, sopo, shuga, nyimbo ziwiri ndi pemphero. Tidati, "Limbani mtima, amayi, Mulungu ndi wamkulu." Iwo adati, "Zikomo aphunzitsi, ndalimba." Tidatuluka tili okhutira kuti ntchito tagwira. Patatha mwezi, mwana wawo wachisamba adatitsatira kutchalitchi. Adatiuza kuti amayi ake adaleka kupita kuchipatala, amagona tsiku lonse atayang'ana kukhoma, ndipo usiku wina adanena kuti kuli bwino angodzichotsa kuti asamavutitse anthu.

Pa nkhani imeneyi palibe amene adali wouma mtima. Wa kuchipatala adanena zoona. Ife tidapemphera moona. Koma tonsefe sitidadziwe kufunsa, ndipo sitidadziwe kumvera. Phunziro lino likufotokoza kuti kumvera munthu wodwala khansa ndi ntchito yofunika kuiphunzira, monga munthu amaphunzirira kubaya jekeseni kapena kuphunzitsa Sitandade 1.

Khansa pakati pathu

Kale tinkati khansa ndi matenda a azungu. Lero palibe dera mu Lilongwe muno limene silidaikepo munthu chifukwa cha khansa. Mwa amayi, imene yatha anthu kwambiri ndi khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi yakula kuposa ena onse pa dziko lapansi. Chiwerengero cha chaka cha 2020 chidaonetsa kuti amayi oposa 4,000 adapezeka nayo m'chaka chimodzi, ndipo pafupifupi 3,000 adamwalira. Palinso khansa ya kummero imene imaletsa munthu kumeza, khansa ya m'mawere, ndi khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi imene idafala pamodzi ndi Edzi. Ana nawonso amadwala khansa, monga ija yotupitsa nsagwada yotchedwa Burkitt.

Zina zasintha ndipo tiyenera kuzidziwa. Kuyambira mu Januwale 2019 atsikana a zaka 9 amalandira katemera woteteza ku kachilombo ka HPV kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Kuyeza khomo la chiberekero kumachitika mwaulere m'zipatala za boma, ndipo nthendayi ikapezeka isadakhazikike imachizika. Kwa zaka zambiri dziko lathu lidalibe makina owotchera khansa, moti odwala ankadikira mwayi wotumizidwa ku India, ku Zambia kapena ku Tanzania, ndipo ambiri adamwalira akudikira. Mu 2024 makina otere adayamba kugwira ntchito pa chipatala china chosakhala cha boma ku Blantyre, ndipo mu 2025 chipatala chachikulu cha khansa chidatsegulidwa pa Kamuzu Central.

Makina ndi mankhwala amalimbana ndi chotupa. Koma chotupacho chili m'thupi la munthu amene ali ndi ana, lendi ya nyumba, banja ndi mantha. Munthu akataya mtima amaleka kubwera kuchipatala, ngakhale makinawo alipo.

Ululu umene suoneka

Dokotala wina wa ku England, Cicely Saunders, amene adatsegula nyumba yosamalira odwala osachiritsika ya St Christopher's ku London mu 1967, adaphunzitsa kuti ululu wa wodwala suli m'thupi mokha. Uli m'thupi, uli m'maganizo, uli pa ubale wake ndi anthu, ulinso pa ubale wake ndi Mulungu. Zonsezi zimakokana. Munthu wa nkhawa amamva kupweteka kwambiri, ndipo munthu amene akumva kupweteka sagona, nkhawa nikula.

Taganizirani bambo wa ku Mgona amene amadalira maganyu onyamula katundu ku Kanengo. Tsiku limene sadapite kuganyu, pakhomo sipafuka utsi. Akamuuza kuti azibwera kudzalandira mankhwala a m'diripi masabata atatu alionse, iye sakuganiza za chotupa. Akuwerengera ndalama ya minibasi ya anthu awiri, iye ndi womudwazika. Taganiziraninso mayi wa ku Area 23 amene amuchotsa bere kapena chiberekero. Funso limene lili mumtima mwake ndi lakuti, "Kodi abambo a kunyumba akhala nane?" Funso limeneli sangafunse dokotala wachimuna pa mzere, ndipo sangafunse ife akatekisiti. Pali ena amene bala lawo limatulutsa fungo. Amenewa amayamba okha kudzipatula. Amaleka kubwera ku Misa, amakana alendo, ndipo ife timati ayamba kunyada kapena abwerera m'mbuyo pa chikhristu.

Palinso funso la "ndani". M'mudzi ndi m'tauni momwe, matenda osamva mankhwala amafuna mwini wake. Wina amaloza apongozi, wina amaloza woyandikana naye pamsika. Ena amauzidwa kuti ndi chilango cha tchimo lakale. Ndalama zimene zikadagula chakudya cha wodwala zimathera kwa asing'anga ndi kwa aneneri, ndipo abale amadana mpaka pamaliro.

Kodi mlangizi wa odwala khansa amaphunzira chiyani?

Wina angafunse kuti, "Popeza anamwino a matenda a maganizo tili nawo kale, maphunziro ena ndi a chiyani?" Funsoli ndi labwino. Yankho lake ndi lakuti khansa imasokoneza zizindikiro zimene iwo adazolowera.

Tiyambe ndi matenda okhumudwa. Munthu amene alibe khansa akafooka, akasiya kudya, akamaonda ndi kusowa tulo kwa masabata awiri kapena kuposerapo, wa zaumoyo amaganizira matenda okhumudwa. Koma wodwala khansa amafooka, amasiya kudya ndipo amaonda chifukwa cha khansa yomweyo ndiponso mankhwala ake. Nanga tisiyanitsa bwanji? Wophunzitsidwa amayang'ana kwina. Amafunsa ngati pali chimene chikumukondweretsabe wodwalayo, kaya ndi mdzukulu, kaya ndi mpira wa pa wailesi. Amafunsa ngati akudziona ngati katundu wolemetsa abale, ngati akudziimba mlandu, ngati akulakalaka imfa. Chisoni ndi chachibadwa, ndipo munthu amene wamva kuti ali ndi khansa ayenera kuloledwa kulira. Koma chisoni chimabwera ndi kupita, pamene matenda okhumudwa amakhala ngati chifunga chosachoka. Amenewa ali ndi chithandizo chake, cha uphungu ndi cha mankhwala. Pali pepala la mafunso 9 lothandiza kuwazindikira, lotchedwa PHQ-9, ndipo lidamasuliridwa kale m'Chichewa.

Chachiwiri ndi kusokonezeka mutu kwadzidzidzi. Apa tiimepo pang'ono, chifukwa mabanja ambiri apwetekana pa chinthu chimenechi. Wodwala amene dzulo ankacheza bwinobwino, lero sakuzindikira mkazi wake, akuona anthu pa denga, akutukwana, akufuna kuthawa usiku. Abale amati wapenga. Ena amati akuulula za ufiti, namakhala chete kumvetsera maina amene akutchula. Zoona zake ndi zakuti kawirikawiri chimene chasokonezeka ndi thupi. Mwina ndi malungo kapena matenda ena olowa m'magazi. Mwina thupi lauma chifukwa chosamwa madzi. Mwina impso zaleka kugwira ntchito, zimene zimachitika khansa ya khomo la chiberekero ikatseka njira za mkodzo. Mwinanso ndi mankhwala amene akumwa. Wophunzitsidwa sathamangira kunena kuti ndi misala. Amafufuza chimene chayambitsa, ndipo nthawi zambiri chimenecho chikathandizidwa munthu amabwerera m'maganizo ake. Mawu amene munthu wayankhula ali m'chisokonezo chotere si umboni wa kanthu kalikonse. Tisamange nawo mlandu.

Chachitatu ndi mankhwala. Ena mwa mankhwala a khansa, monga prednisolone, amatha kusowetsa munthu tulo ndi kumusintha khalidwe. Ena mwa mankhwala a matenda okhumudwa, monga fluoxetine, angathe kuchepetsa mphamvu ya tamoxifen amene amayi a khansa ya m'mawere amamwa kwa zaka zingapo. Wolemba mankhwala ayenera kudziwa mbali zonse ziwiri. Ayeneranso kudziwa kuchotsa mantha a mofini. Ambiri a ife timakhulupirira kuti mofini ndi mankhwala otsirizira munthu. Sichoncho. Mofini wamadzi, womwa pa mlingo wake maola 4 alionse, amachotsa ululu, ndipo munthu amatha kudya, kugona ndi kupemphera. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, ndipo limeneli lili ndi mankhwala ake. Palibe uphungu umene ungalowe m'khutu la munthu amene akubuula ndi ululu.

Chachinayi, ndipo mwina chachikulu, ndi kanenedwe ka uthenga wowawa. Zimene zidachitikira mayi a ku Chinsapo aja zili ndi njira ina. Wophunzitsidwa amapeza malo oduka mphepo, amakhala pansi, amafunsa wodwala ngati akufuna kuti pakhale mbale wake. Amayamba ndi kufunsa chimene wodwalayo akudziwa kale ndiponso chimene akufuna kudziwa. Amanena zoona pang'onopang'ono, m'mawu omveka, nakhala chete kuti munthu apume. Sanena kuti "palibe chimene tingachite", pakuti ngakhale nthenda isachizike, ululu, fungo, kusanza ndi mantha zili ndi chithandizo. Salola munthu kutuluka asadadziwe kumene apite ndi amene akamuone.

Pa mfundo yomweyi pali chikhalidwe chathu. Kawirikawiri amalume kapena ana amakokera dokotala pambali nati, "Musawauze, angafe ndi mtima." Amatero chifukwa cha chikondi, ndipo tisawanyoze. Koma ife amene takhala pambali pa mphasa za odwala tikudziwa kuti wodwala amadziwa. Amaona thupi lake, amaona nkhope za abale, amamva kunong'ona kukhonde. Mapeto ake aliyense amanamiza mnzake, ndipo wodwala amatsala yekha ndi mantha ake. Mlangizi waluso sakankha banja pambali ndiponso sabisira wodwala. Amakhala ndi onse, nawathandiza kuti ayambe kuyankhulana. Luso limeneli silibwera ndi mtima wabwino wokha.

Amaphunziranso kufunsa molunjika za maganizo odzipha. Ife timaopa kuti kufunsa ndiko kumupatsa munthu nzeru yoipa. A zaumoyo adapeza kuti sizili choncho: munthu akafunsidwa mwaulemu amapepukidwa. Amaphunzira kuyankhula ndi ana a wodwala molingana ndi msinkhu wawo, kuthandiza mwamuna ndi mkazi pa nkhani za m'nyumba, ndi kusamalira wodwazika, amene nthawi zambiri amakhala mtsikana amene wasiya sukulu. Pomaliza amaphunzira kudzisamalira iwo eni. Namwino amene amaona imfa sabata ndi sabata popanda womufunsa za mumtima mwake amauma, ndipo tsiku lina ndiye amene adzanene kuti, "Mudachedwa."

Kumene maphunzirowa adachokera ndi kumene ali kwathu kuno

Ku America, dokotala wa matenda a maganizo, Jimmie Holland, adayambitsa gawo loona za maganizo a odwala khansa pa chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York mu 1977. Iye ndi anzake adakonza kafunso kapafupi kakuti wodwala aloze pakati pa 0 ndi 10 kukula kwa nkhawa yake, monga namwino amayezera kutentha kwa thupi. Kafunso kotere sikafuna makina kapena magetsi. Ku Uganda, dokotala Anne Merriman adayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, nafalitsa mofini wamadzi wotsika mtengo amene wodwala angamwere kunyumba.

Kuno kwathu ntchito yosamalira odwala matenda osachiritsika idakula m'nthawi ya Edzi. Lighthouse idayamba pa Kamuzu Central mu 2001 ndipo idadziwika ndi kuyendera odwala m'makomo mothandizana ndi anthu ongodzipereka. Ku Blantyre kudabadwa Umodzi ya ana ndi Tiyanjane ya akuluakulu pa chipatala cha Queen Elizabeth. Bungwe la PACAM, logwirizanitsa ntchito imeneyi m'dziko lonse, lidakhazikitsidwa mu 2005, ndipo boma lidatulutsa ndondomeko yake mu 2014. Ku Salima namwino Lucy Finch adayambitsa Ndi Moyo, kumene amasamalira odwala ndi kuphunzitsa a zaumoyo ochokera m'zipatala zina.

Ku mbali ya matenda a maganizo, chipatala chachikulu cha boma chili ku Zomba. Abulazala a St John of God adafika ku Mzuzu mu 1993. Ali ndi sukulu kumeneko yophunzitsa anamwino ndi ma clinical officer a matenda a maganizo pamodzi ndi alangizi, ndipo ali ndi chipatala ku Area 43 kuno ku Lilongwe. Sukulu ya ukachenjede ya KUHeS imaphunzitsanso madokotala ndi anamwino a mbali zonsezi.

Tikayang'ana bwino tiona kuti pali mitsinje iwiri. Wina ndi wa osamalira odwala khansa, wina ndi wa osamalira odwala maganizo. Chimene tikupempha ndi chakuti mitsinjeyi ikumane: wodziwa za maganizo aphunzire za khansa, ndipo wogwira ntchito ya khansa aphunzire kuzindikira nkhawa ndi kukhumudwa. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'Malawi ndi owerengeka, ndipo sitingadikire kuti achuluke. Anzathu a ku Zimbabwe adationetsa njira ina. Mu 2006 dokotala Dixon Chibanda adayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, mu mzinda wa Harare, kuti azikhala pa benchi panja pa chipatala ndi kuthandiza anthu oganizaganiza kupeza njira zothetsera mavuto awo limodzilimodzi. Njira imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, idayesedwanso m'zipatala zina za mu Lilongwe pakati pa anthu omwe ali ndi HIV. Koma tionetsetse: agogo amenewo sadangopatsidwa benchi. Adaphunzitsidwa, ali ndi owayang'anira, ndipo amadziwa nthawi yotumiza munthu kwa wamkulu.

Mbali yathu ngati nzika ndi ngati Akhristu

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 amanena m'gawo 19 kuti ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo gawo 13 limalamula boma kuyesetsa kupereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira. Maepiskopi athu, m'kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, adadandaula za kuthithikana kwa odwala ndi kuchepa kwa ogwira ntchito m'zipatala. Choncho kufunsa za zipatala si mwano ndipo si ndale za chipani. Wodwala ali ndi ufulu wodziwa nthenda yake m'chiyankhulo chimene akumva, ufulu wofunsa mafunso, ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndi ufulu wothandizidwa pa ululu. Safunsa adadya phula.

Pa zipatala zazing'ono monga za ku Kawale ndi ku Area 25 pamayenera kukhala komiti ya anthu a m'dera yolumikiza chipatala ndi eni dera. Tili ndi makhansala, mafumu a m'mabuloko ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Pa misonkhano timawafunsa za mijigo, misewu ndi milatho, ndipo n'koyenera. Tiwonjezepo mafunso awa: Pa chipatala chathu alipo amene adaphunzira kusamalira odwala khansa? Amapezeka tsiku liti? Mofini alipo? Ndalama zophunzitsira anamwino zili mu bajeti ya khonsolo? Mpingo nawonso uli ndi zipatala zake, monga Likuni ndi St Gabriel ku Namitete, ndipo mafunso omwewa tiwafunsenso kwathu. Parishi imene imatha kusonkha ndalama za mpanda ingathenso kulipirira anthu awiri maphunziro a uphungu.

Nanga ife oyendera odwala? Tisadziyese madokotala. Tisauze munthu kuti asiye mankhwala chifukwa tamupempherera, ndipo tisalonjeze machiritso amene sali m'manja mwathu. Abwenzi a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri amene adakhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwa pamene adayamba kumufotokozera chifukwa chimene akuvutikira. Tipite awiriawiri, osati chigulu. Tikhale pansi. M'malo mwa "limbani mtima" tifunse kuti, "Amayi, chikukusowetsani tulo n'chiyani masiku ano?" Tikatero tidikire, ngakhale chete atalike. Zimene tamva zisakafike pa mjigo. Tikaona kuti wodwala wasokonezeka mwadzidzidzi, waleka mankhwala, ululu wamukulira, kapena akunena zodzichotsa, tisamusiye yekha ndipo timutengere kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi a ku Chinsapo aja tidawatengera kwa namwino wina amene adaphunzira ntchito imeneyi. Adayamba ndi ululu ndi fungo. Pa ulendo wachiwiri ndi pamene mayiwo adatsegula pakamwa. Imfa sankaiopa kwenikweni. Ankaopa kuti achibale a malemu amuna awo adzalanda puloti, ana nasowa pokhala. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma iwo sankadziwa, ndipo ifenso sitidaganizepo kuti nkhawa yawo ingakhale imeneyo. Adalemba wilu pamaso pa mboni ziwiri. Adakhala ndi moyo miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pa Pasaka adabwera ku Misa pa njinga ya kabaza.

Zokambirana pa mphakati

Pa msonkhano wotsatira tiwerenge phunziroli mokweza, kenaka tikambirane. Mu mphakati mwathu muno ndani akudwazika matenda, ndipo adapuma liti? Tikapita kukaona wodwala, amayankhula kwambiri ndani, ife kapena iye? Tisankhe anthu awiri, bambo ndi mayi, apite pa chipatala chimene tili nacho pafupi akafunse dzina la namwino woona za odwala khansa ndi tsiku limene amapezeka, adzatiuze pa msonkhano wa mwezi wamawa.